Ndani Amakonza Netiweki ya m'Foni za ku Massangulo?

Ku Massangulo, chimodzimodzi ku Mandimba ndi ku Cuamba, uthenga wa pa WhatsApp ukakana kupita kapena vidiyo ikamangozungulira osayamba, dandaulo limakhala limodzi: netiweki yavuta. Wina amaloza nsanja ya Movitel, wina ya Vodacom kapena ya Tmcel, ndipo okhala kufupi ndi chipata cha Chiponde amangotulutsa simu n'kuikamo ya Airtel kapena TNM. Kawirikawiri amakhala akulondola. Koma pansi pa dandaulo limeneli pabisala mavuto osiyana mitundu, ndipo ena mwa iwo sali pansanja ayi. Ali m'foni momwemo, m'thumba la wodandaulayo, ndiponso m'karauta kopachikidwa pakhoma la ofesi kapena la sukulu.

Tiyambe tapatula zimene wolemba mapulogalamu sangazikonze. Pa 12 May 2024 zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi SEACOM, zinaduka chakumpoto kwa Durban, ndipo intaneti inafooka ku Mozambique, ku Malawi, ku Tanzania mpaka ku Kenya. Pamenepo pankafunika sitima yokavuula chingwe. Magetsi akathima mabatire a nsanja n'kutha, kapena intaneti ya m'mafoni ikatsekedwa dala monga zinachitikira ku Mozambique chitatha chisankho cha October 2024, palibe khodi imene ingathandize. Mtunda nawo sukambirana ndi munthu. Kuwala m'chingwe cha fibre kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, choncho ngati kompyuta imene mukulankhula nayo ili pa mtunda wa makilomita 10,000, kupita ndi kubwera kokha kumadya mamilisekondi 100, ngakhale zonse zitakhala bwinobwino.

Chotsalacho ndiye nkhani yathu. Foni iliyonse ya Android, kaya ndi Tecno, itel, Infinix kapena Samsung, pansi pake pali pulogalamu imodzi yaikulu yotchedwa Linux kernel. Anaiyamba mu 1991 ndi Linus Torvalds akuphunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo mu 1992 anaiika pansi pa laisensi ya GPL, imene imalola aliyense kuwerenga khodi yake, kuisintha ndi kuigawa, bola wogawayo asabise zimene wasinthazo. Linux yemweyo ndiye amayendetsa makompyuta a Google ndi Facebook amene foni yanu imalankhula nawo, komanso marauta ambirimbiri a pakati pa njira. Gawo lake la netiweki limagwira ntchito yosaoneka ndi maso. Limadula chithunzi chanu m'timapaketi ta mabaiti pafupifupi 1,500, n'kutipatsa manambala, n'kuona kuti titumizidwe mothamanga bwanji. Timene tatayika panjira limatitumizanso, ndipo timapaketi tikachuluka pakhomo, ndilo limasankha koyamba kutuluka.

Anthu akamva za cholakwika cha pulogalamu, amaganiza za makina amene azima okha. Zoterozo zilipodi. Mu June 2019 Jonathan Looney wa kampani ya Netflix anaulula cholakwika chimene chinatchuka ndi dzina lakuti SACK Panic: munthu ali kutali ankatha kugwetsa kompyuta ya Linux pongoitumizira timapaketi tokonzedwa mwaukathyali. Gwero lake linali laling'ono mochititsa manyazi. Nambala ina inkasungidwa pamalo osatha kupitirira 65,535, ndipo ikakakamizidwa kupitirira, kernel yonse inkagwa. Cholakwikacho chinalowa mu 2009, n'kukhalamo zaka 10 m'khodi imene aliyense akanatha kuiwerenga. Amene amati khodi ikakhala poyera ndiye kuti zolakwika zimaoneka msanga ayenera kukumbukira zaka 10 zimenezi. Kuloledwa kuwerenga ndi kwina, kuwerengadi ndi kwina.

Komabe cholakwika chogwetsa makina chili ndi ubwino umodzi: chimadziulula chokha. Zosautsa zenizeni ndi zimene sizigwetsa kanthu, zimangochedwetsa, wogwiritsa ntchito n'kumatukwana nsanja yosalakwa.

Kuti timvetse zimenezi tibwerere ku October 1986. Mzere wolumikiza labotale ya Lawrence Berkeley ndi yunivesite ya California ku Berkeley, malo otalikirana mayadi 400 okha, unatsika liwiro kuchoka pa ma bits 32,000 pa sekondi kufika pa 40. Chingwe chinali bwino. Makompyuta ndiwo ankati akaona paketi yachedwa, amatumizanso ina, mzere n'kudzaza ndi zobwereza zokhazokha. Van Jacobson ndi Michael Karels anakonza khodi ya TCP, njira yoyendetsera timapaketi pa intaneti, mu BSD Unix, ndipo lamulo limene anafotokoza mu 1988 ndilo maziko ake mpaka lero: wotumiza aziwonjezera liwiro pang'onopang'ono, paketi ikangotayika adziwe kuti njira yadzaza, achepetse. Ndiye kuti kutayika kwa paketi si tsoka lokha, ndi uthenganso.

Patapita zaka, memory inatsika mtengo. Opanga mamodemu ndi marauta, pofuna kuti paketi isatayike ngakhale imodzi, anaika malo aakulu osungira timapaketi todikira. Cholinga chinali chabwino, zotsatira zake zinali zoipa. Popeza palibe chinkatayika, wotumiza sankalandira uthenga woti achepetse, ndipo ankangothirabe mpaka mzere wa todikirato utatalika masekondi athunthu. Jim Gettys, mmodzi wa akatswiri akale a intaneti, anazindikira zimenezi kunyumba kwake mu 2010, ataona kuti akamatumiza mafayilo aakulu intaneti ya nyumba yonse inkafa, ana ake n'kumadandaula. Vutoli analitcha bufferbloat.

Aliyense amene anaimapo pachigayo amalidziwa. Mtsikana wabwera ndi kabeseni ka chimanga cha nsima ya madzulo, patsogolo pake pali wamalonda ndi matumba khumi. Chigayo sichinawonongeke, chikugaya pa liwiro lake la masiku onse, koma mtsikanayo afika kwawo kutada. Wachigayo wanzeru amagaya thumba limodzi la wamalonda, n'kulandira kabeseni kaja, kenako n'kubwerera ku matumba. Wamalonda wachedwa mphindi ziwiri zokha, mtsikana wapulumutsa madzulo onse. Pa intaneti matumbawo ndi vidiyo imene mnzanu akutumiza, kabeseniko ndi mawu anu pa WhatsApp amene akudukaduka.

Mankhwala ake anabwera mu 2012. Kathleen Nichols ndi Van Jacobson yemwe uja anapanga njira yotchedwa CoDel, imene siwerenga kuchuluka kwa timapaketi koma nthawi imene tadikira. Tikamadikira kupitirira mamilisekondi 5 kwa nthawi yoposa mamilisekondi 100, iyo imataya kamodzi mwadala kuti wotumiza amve. Eric Dumazet anawonjezerapo nzeru yogawa todikirato m'mizere 1,024, wotumiza pang'ono n'kumapatsidwa mpata patsogolo, ndipo njira imeneyi, yotchedwa fq_codel, inalowa mu Linux 3.5 chaka chomwecho. Mwa kuona kwanga, pa zonse zimene zasinthidwa m'gawo la netiweki la Linux m'zaka zimenezi, ichi ndicho chili ndi phindu lalikulu kwa anthu ogawana mzere umodzi wochepa, monga aphunzitsi a sukulu imodzi kapena ogwira ntchito pachipatala cha boma.

Tsono taonani manambala aja, 5 ndi 100. Anasankhidwa poyang'ana mizere ya kumene olembawo ankakhala. Pa mzere wa megabit imodzi pa sekondi, paketi imodzi ya mabaiti 1,500 imatenga mamilisekondi 12 kuti ingotuluka, ndiye malire a 5 aja aphwanyidwa kale paketi yachiwiri isanasunthe. Nayo 100 ndi nthawi yoyenera munthu wa ku America amene akulankhula ndi kompyuta ya m'dziko lake lomwelo, osati wa ku Massangulo amene uthenga wake uyenera kutsikira kunyanja n'kukakwera chingwe cha ku Ulaya. Khodiyo sinali yolakwa, koma inalembedwa poganizira dziko lina. Njira yotsatira, CAKE, imene inalowa mu Linux 4.19 mu 2018, imadzisinthira yokha malirewo ikauzidwa kuti mzere ndi wochepa, ndipo ili ndi mawu oisankhira: oceanic wa mamilisekondi 300, satellite wa 1,000. Olembawo, mwanthabwala, anaikamonso interplanetary. Si mwangozi kuti mmodzi wa anthu amene anakankha kwambiri ntchito imeneyi, Dave Täht, amene anamwalira mu 2025, anali atakhalako ku Nicaragua n'kuvutika ndi netiweki ya WiFi kumeneko. Anali ataumva yekha ululu wa mzere wochepa.

WiFi inali ndi nthenda yakeyake, yodziwika kuyambira 2003: foni imodzi ikakhala kutali ndi rauta n'kumalankhula mochedwa, imatenga nthawi yaitali pamphepo, mafoni onse apafupi n'kutsika nayo limodzi. Toke Høiland-Jørgensen, akuchita kafukufuku pa yunivesite ya Karlstad ku Sweden, pamodzi ndi anzake anakonza zimenezi mu 2017 pogawa nthawi ya pamphepo mofanana m'malo mogawa timapaketi. Zaka 14 vuto likudziwika, lisanapeze wolikhalira pansi mu Linux.

Nanga kukonza kwenikweniko kumayenda bwanji? Kumayamba ndi munthu amene waona chodabwitsa n'kutha kuchibwereza. Apa ndiye pagona ntchito, chifukwa cholakwika cha netiweki chimakonda kuoneka pamene zinthu ziwiri zachitika pa kamphindi kamodzi, ndipo mukachifunafuna chimabisala. Chikagwidwa, funso limakhala lakuti chinalowa liti. Linux watsopano amatuluka pakatha milungu 9 kapena 10 iliyonse, ali ndi zosintha zoposa 10,000 zochokera kwa anthu pafupifupi 2,000. Kuziyesa chimodzichimodzi sikungatheke, choncho amagwiritsa ntchito git bisect: kuyesa pakati, kutaya theka losalakwa, kuyesanso pakati pa theka lotsala. Pa zosintha 16,000 maulendo 14 okha akwana kuloza cholakwacho. Kenako wina amalemba chigamba, chimene iwo amati patch, nthawi zina cha mizere itatu yokha, koma pamwamba pake pamakhala ndime zofotokoza chimene chinalakwika, amene anachiona, ndi kusintha kumene kunachibweretsa. Chigambacho chimawerengedwa poyera, chimatsutsidwa, chimabwezedwa, chimalembedwanso. Osamalira gawo la netiweki, David S. Miller, Jakub Kicinski, Eric Dumazet ndi Paolo Abeni, amasunga nthambi ziwiri: net ya zokonza zolakwika, imene imapita kwa Torvalds pafupifupi mlungu uliwonse, ndi net-next ya zatsopano, imene imadikira nyengo yake. Masiku ano osaka zolakwika si anthu okha. Pulogalamu ya syzkaller, imene anayamba Dmitry Vyukov wa ku Google, imaponyera kernel malamulo osokonezeka usana ndi usiku, ndipo yavumbula zolakwika masauzande, zambiri mwa izo m'gawo la netiweki. Imapeza zambiri kuposa zimene anthu angathe kukonza.

Nthawi zina cholakwika chimaonekera kwa mlendo. CUBIC, njira imene Linux wakhala akugwiritsa ntchito posankha liwiro kuyambira 2006, inali ndi wotchi imene inkapitirira kuwerenga ngakhale wotumiza atapuma, moti akayambiranso ankathira timapaketi tambiri nthawi imodzi, n'kutitaya. Anachiona mu 2015 ndi akatswiri a Google amene ankalemba njira yomweyo m'pulogalamu ina, QUIC. Nthawi zinanso chigamba chenichenicho ndicho chimabala vuto. Mu 2012 Linux 3.6 anatsata malangizo atsopano oteteza TCP kwa achinyengo, n'kuika malire akuti mayankho ena asapitirire 100 pa sekondi. Malirewo anali amodzi pa makina onse. Mu 2016 gulu la Zhiyun Qian ku yunivesite ya California ku Riverside linaonetsa kuti wachinyengo akhoza kuwerenga mayankho amene iye walandira, n'kudziwa kuti otsalawo apita kwa yani, mpaka kulowerera pa kulankhulana kwa anthu ena. Chigamba chake chinalowa mu Linux 4.7 chaka chomwecho. Kampani ya Lookout inawerengera kuti mafoni ndi zida zina za Android pafupifupi 1.4 biliyoni zinali ndi cholakwikacho.

Pano ndiye pamene nkhani ya Massangulo imasiyana ndi ya Google. Chigamba chikalowa kwa Torvalds, Greg Kroah-Hartman ndi anzake amachitengera ku ma kernel akale amene akusamalidwabe. Makampani aakulu amachiika m'makompyuta awo m'masiku ochepa. Ndipo kusintha kukakhala kwa mbali ya wotumiza, ife timadya nawo osachita kanthu. Chitsanzo ndi BBR, njira ya Google imene inalowa mu Linux 4.9 mu 2016, yoyeza kukula kwa njira ndi nthawi ya ulendo m'malo modikira kuti paketi itayike. Google inanena kuti liwiro la YouTube linakwera ndi 4 peresenti padziko lonse, ndipo m'maiko ena ndi kupitirira 14 peresenti. Woonera mpira ku Cuamba analandira zimenezo foni yake isanakhudzidwe.

Chigamba cha mbali ya foni chili ndi ulendo wina. Kuchoka kwa Kroah-Hartman chiyenera kulowa mu kernel ya Android ya Google, kenako kwa wopanga chip, monga MediaTek, Unisoc kapena Qualcomm, amene ali ndi kernel yakeyake yosinthidwa kwambiri, kenako kwa wopanga foni, amene ayenera kuona ngati foni ya mtengo wotsika yogulitsidwa zaka zitatu zapitazo ndi yoyenera kuitayira ndalama. Pa khomo lililonse chigamba chikhoza kuima. Chikadutsa onsewo, patsala mwini foni, amene akauzidwa kuti update ikufuna ma megabyte mazana angapo amayang'ana bandulo yake n'kudina pakuti mawa. Sindimuimba mlandu. Koma zotsatira zake zimadziwika. Mu September 2017 kampani ya Armis inaulula zolakwika 8 za Bluetooth, zotchedwa BlueBorne, zolola munthu wapafupi kulowa m'foni mwini wake osadina kalikonse. Zigamba zinatuluka nthawi yomweyo, koma patatha chaka Armis inati zida zoposa 2 biliyoni zinali zisanakonzedwe. Kwathu kuno, kumene nyimbo ndi mafilimu zimayenda pa Bluetooth pamsika kuti anthu asunge data, nkhani imeneyi si yakutali.

Google yayesa kufupikitsa ulendowu. Kuyambira August 2015 imatulutsa zigamba za chitetezo mwezi ndi mwezi, ndipo kuyambira Android 12 mu 2021 mafoni atsopano a ma kernel atsopano amayenera kugwiritsa ntchito kernel imodzi yofanana, wopanga chip n'kumangolumikizako zake pambali. European Union nayo inakhazikitsa lamulo, loyamba kugwira ntchito pa 20 June 2025, lakuti foni izilandira ma update kwa zaka zosachepera 5 chilekereni kugulitsidwa. Lamulo limenelo ndi la mafoni a msika wa ku Ulaya. Foni ya pamsika wa Mandimba ilibe wolembera wopanga wake kalata yotere. Mwini wake angathe kungodziwa pamene waima: mu Settings, kapena Definições ngati foni ili m'Chipwitikizi, pansi pa About phone, pali deti la security update yomaliza ndi nambala ya kernel. Zonse zimene zakonzedwa mu kernel pambuyo pa detilo sizili m'foniyo.

Pa rauta ndiye pamene kutseguka kwa khodi kumabala zipatso m'manja mwathu. Mu 2003 kunadziwika kuti rauta ya Linksys WRT54G inkayendera Linux, kampaniyo n'kukakamizika ndi GPL kuonetsa khodi yake. M'menemo munabadwa OpenWrt mu 2004, imene lero imaikidwa pa marauta a mitundu yambirimbiri, ngakhale amene wopanga wake anawaiwala kalekale. Ku Africa kuno anthu anaigwiritsapo ntchito mozama. Village Telco, imene Steve Song anayambitsa ku Cape Town mu 2008, inapanga Mesh Potato, kabokosi ka OpenWrt kolumikiza nyumba ndi nyumba popanda nsanja, ndipo anthu a ku Mankosi ku Eastern Cape anayambira pa timabokosi timeneti pomanga netiweki yawo ya Zenzeleni. Ku Lilongwe, Baobab Health, imene Gerry Douglas anayambitsa pachipatala chachikulu cha mumzindawo, inamanga makina a kaundula wa odwala pa mapulogalamu otseguka, okonzedwa ndi Amalawi. Luso lake si la azungu okha ayi.

Sukulu kapena ofesi ya ku Massangulo imene ili ndi rauta yolola OpenWrt ikhoza kuyatsa CAKE lero, n'kuiuza liwiro lotsikirapo pang'ono pa limene mzere umapereka, mwina 90 peresenti, kuti mzere wa todikira upangike m'rauta mmene muli wosankha wanzeru, osati m'modemu. Pa mzere wa liwiro lokhazikika zimenezi zimagwira bwino kwambiri. Pa mzere wa 3G kapena 4G ndi zovutirapo, chifukwa liwiro limasintha malinga ndi kuchuluka kwa anthu pansanja: la m'mawa si la madzulo, la tsiku la msika si la Lachiwiri wamba. Mukaika nambala yaikulu, CAKE ilibe chochita. Mukaika yaing'ono, mwadzimana nokha. Komanso mzere wa todikira wa m'nsanja momwemo uli m'makina a kampani, amene khodi yake ndi yotseka. Ili ndi vuto limene silinatheretu, ndipo anthu a OpenWrt akulimbana nalo ndi timapulogalamu toyeza kuchedwa n'kumasintha liwiro la CAKE mphindi ndi mphindi.

Chimene akusowa kwambiri ndi chimene ife tili nacho chochuluka. Linux ali ndi chida chotchedwa netem chonamizira mzere woipa m'labotale: mumachiuza kuchedwa kwakuti, kutayika kwakuti, icho n'kuchita momwemo. Koma manambalawo ayenera kuchokera kwina kwake, ndipo wolemba khodi wa ku California kapena ku Paris amaika amene iye akuwadziwa. Mmene mzere umachitira pa msewu wa N13 pakati pa Mandimba ndi Massangulo, foni ikamadumpha pakati pa 4G ndi 2G, kapena pamalire ikamakokedwa ndi nsanja za maiko awiri, sizilembedwa paliponse pamene osamalira Linux angazione. Kuyeza kwake sikufuna digiri. Wophunzira wa ku Cuamba amene ali ndi laputopu akhoza kulemba ping pa adiresi imodzi mzere uli phee, n'kulembanso pamene akutumiza fayilo yaikulu. Ngati yoyamba ikuonetsa mamilisekondi 80 yachiwiri n'kuonetsa 2,000, mtunda ndi zingwe za m'nyanja zilibe mlandu pa 1,920 otsalawo: timapaketi taima pamzere kwinakwake. Akalemba mtundu wa rauta kapena foni, nambala ya kernel, kampani ya netiweki, malo ndi ola, n'kubwereza masiku angapo, ali ndi lipoti limene Dumazet kapena Høiland-Jørgensen angaliwerenge n'kuyamba kufunsa mafunso.